Malonda a kaunjika ku Zomba: kumene phindu limachokera ndi kumene mpamba umathera

Munthu amene akufuna kuyamba malonda a kaunjika mu mzinda wa Zomba kawirikawiri amayamba ndi kufunsa mtengo wa belo, poganiza kuti wopanda ndalama ya belo alibe malo m'malondawa. Koma kugula belo ndi njira imodzi chabe mwa njira zingapo, ndipo kwa munthu wa mpamba wochepa ndiyo njira yoopsa kuposa zonse. Pakati pa sitolo ya ku Limbe imene imagulitsa mabelo ndi mayi wa ku Jali amene akugulira mwana wake kabudula, chovala chimodzi chimatha kudutsa m'manja mwa anthu anayi kapena asanu, ndipo aliyense wa iwo amapezapo kanthu chifukwa cha ntchito imene wagwira. Wina wanyamula katunduyo, wina wasankha, wina wachapa ndi kusita, wina wasoka pamene panang'ambika, ndipo wina wayenda nacho mpaka kukafika kwa wogula. Phindu la kaunjika limakhala mu ntchito zimenezi, ndiponso mu liwiro limene ndalama ikubwerera nalo m'thumba.

Zovalazi zimachokera ku maiko a ku Ulaya, ku America, ku Canada ndi ku Asia, kumene zimasonkhanitsidwa, kugawidwa malinga ndi mtundu wake, kenako n'kupanikizidwa ndi makina kuti zikhale mabelo omangidwa ndi zingwe zolimba. Popeza dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere, makontena amatsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo amalipira msonkho ku Malawi Revenue Authority asanafike m'masitolo a pikulitsa a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Palinso bungwe la DAPP, limene lakhala likugwira ntchito m'dziko muno kuyambira m'chaka cha 1995, lomwe limagulitsa zovala ndi nsapato zakale m'masitolo ake ndipo ndalama zake zimathandizira ntchito zake za chitukuko, kuphatikizapo makoleji ophunzitsa aphunzitsi. Chofunika kuchimvetsa pa ulendo wonsewu n'chakuti amene amaitanitsa katundu kunja amalipira ndi ndalama zakunja, pamene wogulitsa pa msika wa Mpondabwino amalandira makwacha. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mabelo inakwera motsatira, koma malipiro a ogula sanakwere pa mlingo womwewo. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anachita zionetsero mpaka kukafika ku Nyumba ya Malamulo podandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Aliyense wolowa m'malondawa lero ayenera kudziwa kuti akugulitsa katundu amene mtengo wake umatsatira dola, kwa anthu amene thumba lawo limatsatira mitengo ya chimanga.

Belo limagulitsidwa potengera kulemera kwake, osati chiwerengero cha zovala zimene zili m'katimo, ndipo mabelo ambiri amalemera makilogalamu 45. Apa ndi pamene masamu amayambira. Jinzi ya munthu wamkulu imalemera pafupifupi theka la kilogalamu kapena kuposerapo, choncho belo la majinzi silingakhale ndi zovala zochuluka ngati belo la malaya opepuka kapena la zovala za ana, momwe zimatha kukhala mazanamazana. Belo la majekete olemera limakhala ndi zovala zochepa kwambiri, motero jekete iliyonse imayenera kunyamula gawo lalikulu la mtengo wa belo. Pamwamba pa belo pamalembedwa mtundu wa zovala ndi giredi yake, koma wogula saloledwa kutsegula asanalipire, ndipo akadula zingwe katunduyo sabwezedwa. Mabelo awiri olembedwa mofanana, ogulidwa tsiku limodzi m'sitolo imodzi, amatha kusiyana kwambiri moti lina limabweza mpamba m'masiku atatu pamene linzake limagona mwezi wathunthu.

Tiyerekeze, pongofuna kuonetsa mmene masamuwa amayendera, kuti munthu wagula belo pa K500,000, ndipo wawononga K40,000 ina pa ulendo wa ku Limbe, pa onyamula katundu, pa matikiti a pamsika ndi pa sopo. Atatsegula wapeza zovala 180. Mwa zimenezi, 40 n'zokongola kwambiri ndipo zagulidwa pa K8,000 chimodzi, 80 n'zapakatikati ndipo zapita pa K3,500, pamene 45 n'zofooka zimene wazigulitsa pa K1,000, ndipo 15 n'zong'ambika kapena zothimbirira moti palibe wozifuna. Ndalama zonse zimene wasonkhanitsa ndi K645,000, ndipo akachotsa K540,000 imene analowetsa, amaona ngati wapeza phindu la K105,000. Koma ngati pobwerera ku Limbe wapeza kuti belo lomwelija tsopano lafika pa K580,000, ndalama imene angadye popanda kuchepetsa malonda ake ndi K25,000 yokha. Ambiri amene mpamba wawo watha m'zaka zapitazi sanaberedwe ndalama zawo kapena kuzimwera mowa, koma ankawerengera phindu lawo pa mtengo wa belo limene anagula kale m'malo mwa mtengo wa belo limene akuyenera kukagula mawa. Amadya K105,000 yonse ndi mtima woyera, ndipo pakatha maulendo anayi kapena asanu amapezeka kuti ndalama ya belo sikukwananso.

Chitsanzo chomwechi chikuonetsanso chinthu china chimene anthu a m'malondawa amachidziwa bwino, chakuti zovala 40 zoyambirira zija zabweretsa pafupifupi theka la ndalama zonse. Belo likasowa zovala zabwino zoterozo, zotsalazo sizingathe kulinyamula ngakhale zitachuluka bwanji. N'chifukwa chake nkhani ya mabelo otsegulidwa kale imawawa kwambiri: pali anthu osakhulupirika amene amamasula belo, kuchotsamo zovala zabwino, kuikamo zofooka ndi kulimanganso. Wogula ayenera kuyang'anitsitsa zingwe ngati zili zothina ndiponso zamtundu umodzi, ayenera kuona ngati chiguduli chokutira sichinasokedwe kachiwiri, ndipo ngati pali sikelo apemphe kuti belo liyezedwe iye akuona. Kugula kwa munthu mmodzi wodziwika nthawi zonse kumathandiza, chifukwa wopikulitsa amene akudziwa kuti mudzabweranso amaopa kukupatsani katundu woipa. Anthu ena amasonkha ndalama awiri kapena atatu n'kugula mabelo awiri osiyana kuti limodzi likagwa linzake liwadzutse, ndipo njira imeneyi ndi yanzeru malinga ngati agwirizana poyambirira za kagawidwe ka zovala zabwino, pakuti mikangano yambiri imabuka pamenepo.

Njira imene ndikuona kuti ndi yoyenera kwa woyamba ndi ya kusankha. Mwini belo akamatsegula katundu m'mamawa, anthu oodetsa ndi oodawo amakhala atadziwitsana kale, ndipo osankha amafika msika usanadzaze. Zingwe zikangodulidwa belo limatukumuka, fungo la mankhwala osungira zovala limamveka, ndipo manja amalowa mu muluwo nthawi imodzi, aliyense akupachika paphewa chimene wachikonda kuti akachione bwino pambuyo pake. Wosankha wodziwa ntchito yake sathamangira mtundu wowala wa chovala. Amayamba watembenuza kolala kuona ngati sinathe, amayang'ana m'khwapa ngati mulibe chikasu cha thukuta chimene sichichoka, amakoka zipi kukwera ndi kutsika, amawerenga mabatani, ndipo thalauza amalikweza m'mwamba molunjika kuwala kuti aone ngati nsalu ya pakati pa miyendo siinapyapyale. Amalipira mtengo wokwera kuposa wa anthu obwera masana, koma chilichonse chimene wagula wachiona ndi maso ake ndipo akudziwa kale munthu amene angachifune. Mwini belo naye amasangalala chifukwa gawo lalikulu la mpamba wake limabwerera dzuwa lisanakwere. Munthu angathe kuyamba njira imeneyi ndi ndalama yogulira zovala khumi zokha, ndipo maphunziro amene amapeza pa miyezi yochepa ya kusankha, monga kudziwa nsalu yolimba ndi kudziwa saizi imene imayenda msanga, ndi omwe adzamuteteze tsiku limene adzagule belo lake loyamba.

Zomba ili ndi mwayi umene matauni ambiri alibe, chifukwa ngakhale likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, mzindawu unatsala ndi anthu ambiri olandira malipiro pamwezi ndiponso ophunzira ochuluka. Kuli ophunzira a University of Malawi amene ambiri a iwo amakhala m'nyumba za lendi ku Chikanda ndi madera ena oyandikana ndi sukuluyi, kuli ophunzira a uphunzitsi ku Domasi, kuli anamwino ndi madokotala a pa chipatala chachikulu, asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, oyang'anira ndende ndi ogwira ntchito m'maofesi a boma. Magulu amenewa safuna zinthu zofanana. Wophunzira amafuna chovala cha makono ndipo amadziwa maina a makampani otchuka, koma ndalama yake ndi yochepa ndipo imabwera mwa apo ndi apo. Wogwira ntchito mu ofesi amafuna malaya osathimbirira, siketi kapena thalauza la mtundu wodekha ndi nsapato zakuda, ndipo alibe nthawi yofukula mulu pamsika, choncho amalolera kulipira mtengo wokwererapo kwa munthu amene wamubweretsera chovala chochapa ndi chosita. Wogulitsa amene amadalira ophunzira okha ayenera kukumbukira kuti sukulu ikatsekera malonda ake amazizira kwa masabata ambiri, ndipo si nzeru kuoda katundu wambiri pamene mayeso akutha.

Vuto lalikulu la kugulitsa m'maofesi ndi ngongole. Mawu akuti "mudzatenge kumapeto kwa mwezi" ndi osavuta kuwavomera, makamaka kwa munthu amene mumapemphera naye kapena amene ndi bwana wa mbale wanu, koma malipiro akachedwa, kapena akafika n'kupeza ngongole zina zikudikirira, wa kaunjika ndi amene amakumbukiridwa pomaliza. Pa nthawi imene mitengo ikukwera mwezi ndi mwezi, ndalama imene yabwera patatha miyezi iwiri sigulanso katundu amene ikanagula pa tsiku la malonda. Amene sangathe kukana ngongole kotheratu ayenera kulandira theka la mtengo pomwepo, lomwe nthawi zambiri limabweza ndalama imene anaodera chovalacho, kuti chimene chikudikiridwa chikhale phindu lokha osati mpamba.

Foni yasintha malondawa kwambiri m'zaka zaposachedwa. Achinyamata ambiri alibe benchi pamsika, koma amajambula zovala n'kuziika pa WhatsApp ndi pa Facebook, amalandira ndalama kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo katundu amatumizidwa ndi wa kabaza ku Matawale, ku Chinamwali kapena ku Sadzi. Chithunzi chojambulidwa panja pa kuwala kwa dzuwa, chovala chitapachikidwa pa khoma loyera, chimagulitsa msanga kuposa chojambulidwa usiku pamphasa. Ndi bwino kuyeza chiuno ndi utali wa chovala ndi tepi ya telala n'kulemba manambalawo, chifukwa saizi yolembedwa pa chovala cha ku America siifanana ndi ya chovala cha ku China kapena ku Korea. Ngati pali kachilema kalikonse, wogulitsa akatchule yekha asanalandire ndalama. Zomba ndi mzinda waung'ono kumene anthu amadziwana, ndipo mbiri ya munthu wobisa chilema cha chovala imayenda msanga kuposa zithunzi zake.

Zovala zapakatikati ndi zofooka, zimene mu mzinda zimangogona pa benchi, zimapeza ogula m'misika ya kunja kwa mzinda monga ku Thondwe, ku Songani, ku Jali, ku Mayaka ndi ku Govala, kumene malonda amatentha pa masiku a msika. Kumeneko wogula amayang'ana kulimba kwa nsalu ndi mtengo, ndipo zovala za ana, mabulangete ndi zovala zogwirira ntchito kumunda zimayenda bwino. Amene amazungulira misika imeneyi ayenera kuwerengera mtengo wa galimoto kupita ndi kubwera, tikiti ya msika ndi chakudya cha tsikulo, chifukwa pa zovala za mtengo wotsika ndalama zimenezi zimatha kumeza phindu lonse ngati katundu wanyamulidwa wochepa. Nthawi yokolola, alimi a mpunga a m'dambo la nyanja ya Chilwa akagulitsa zokolola zawo, ndalama zimapezeka m'midzi ndipo ogulitsa ena amalandira ngakhale mpunga, chimanga kapena nandolo m'malo mwa makwacha. Kusinthanitsa kotere kungapindulitse mbali zonse, koma kumasanduka kubera mlimi pamene wogulitsa akugwiritsa ntchito chidebe chachikulu kuposa chimene anagwirizana, kapena pamene akutengera mwayi woti mlimiyo sakudziwa mtengo wa mbewu yake m'tauni. Wochita zimenezi amapindula chaka chimodzi, ndipo chaka chotsatira mudziwo umakhala utamudziwa.

Nyengo imalamulira malondawa kuposa mmene oyamba kumene amaganizira. Mu Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chaphimba phiri la Zomba ndipo kuzizira kwafika mpaka m'mafupa, majekete, majuzi, zipewa ndi mabulangete zimasowa pamsika, ndipo mitengo ya mabelo ake imakhala itakwera chifukwa aliyense akuwafuna. Amene ali ndi mpamba wokwanira amagula katundu ameneyu mu Epulo kapena mu Meyi n'kumusunga pamalo ouma, pa matabwa osati pansi, kuopa chinyezi ndi makoswe. Jekete imene yatsala pofika Seputembala idzadikira miyezi yambiri, choncho ndi bwino kuitsitsa mtengo kumapeto kwa Julayi kusiyana ndi kuisunga. Sukulu zikamatsegulira mu Seputembala makolo amafuna nsapato zakuda, masokosi, malaya oyera ndi zikwama, mu Disembala amafuna zovala za ana za Khirisimasi, pamene Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala ndi ya fizi, imene ndalama zonse za pabanja zimapita ku chimanga ndi kusukulu. Miyezi iwiri imeneyi si yotengera ngongole yogulira belo.

Pali ndalama inanso imene imabisala mu zovala zimene ena azitaya mtima. Telala amene wakhala ndi makina ake pafupi ndi ogulitsa kaunjika sasowa ntchito, chifukwa zovala zambiri zochokera kunja zimakhala zazikulu kuposa matupi a ogula a kuno, ndipo pafupifupi aliyense wogula thalauza amafuna kulichepetsa m'chiuno kapena kulipinda kumiyendo. Telala wochenjera amagula yekha zovala zazikulu kwambiri zimene zatsalira pa mtengo wotsika, n'kudula diresi limodzi lalikulu kukhala madiresi awiri a ana, kapena jinzi yong'ambika m'mawondo kukhala kabudula. Nsapato nazo zimasintha mtengo zikangochapidwa ndi burashi, kuikidwa zingwe zatsopano ndi kusokedwa pamene panamatuka, ngakhale kuti wogula nsapato zakale ayenera kupinda soli ndi manja kuona ngati siikusweka, pakuti mphira imene yakhalitsa imaoneka bwino kunja koma imanyenyeka ikangoyendedwa masiku ochepa. Zigamba zenizeni zimagulidwa ndi amakanika opukutira mafuta m'magalaja, ndipo amayi ena amazidula n'kuluka zopondera pakhomo, kupanga zokolopera kapena kudzazira mapilo. Ndalama zake n'zochepa, koma kwa mwini belo ndi zimene zimasandutsa zovala 15 zotayika zija kukhala mtengo wa sopo ndi makala a mu ayironi. Ena amagula masuti ndi madiresi a ukwati n'kumabwereketsa kwa akwati ndi operekeza, ndipo chovala chimodzi chimabweretsa ndalama kangapo chisanathe.

Pali anthu amene amanena kuti kaunjika ndiye anafooketsa mafakitale athu a nsalu, ndipo amatchula kampani ya David Whitehead and Sons ya ku Blantyre imene kale inkalemba ntchito anthu ambiri ndi kugula thonje la alimi athu. Nkhawa imeneyi ili ndi maziko, ngakhale kuti mavuto a mafakitale ndi ambiri kuposa kaunjika yekha, kuphatikizapo magetsi osadalirika ndi zovala zatsopano zotsika mtengo zochokera ku Asia. Dziko la Rwanda linakweza kwambiri msonkho wa zovala zakale mu 2016 pofuna kuteteza mafakitale ake, ndipo mu 2018 dziko la America linalichotsera mwayi wogulitsa zovala zake kumeneko popanda msonkho pansi pa lamulo la America lokhudza malonda ndi maiko a mu Africa lotchedwa AGOA. Kwa wogulitsa wa ku Zomba, nkhani imeneyi ikutanthauza kuti malonda ake angathe kugwedezeka ndi chigamulo cha msonkho chopangidwa kutali ndi benchi yake, choncho amene wayamba kupeza bwino achita nzeru kuphunzira kusoka kapena kuwonjezera katundu wina monga zitenje.

Za mpamba, ndalama ya katapila siyenera kulowa m'belo, chifukwa chiwongoladzanja chake chimakula msanga kuposa mmene zovala zimagulidwira, ndipo belo limodzi loipa limakwanira kuti munthu alandidwe katundu wa m'nyumba. Ngongole ya ku banki mkhonde ndi yopepukirapo, komabe nayo imafuna kubwezedwa pa tsiku lake kaya malonda ayenda kapena ayi, motero ndi yoyenera kwa amene ali kale ndi makasitomala odziwika. Wogulitsa pamsika alipire tikiti ya khonsolo ndi kusunga malisiti ake, ndipo adziwe kuti kugulitsira m'mbali mwa msewu kumene sikuloledwa kumaika katundu yense pa chiopsezo cholandidwa. Chida chotsika mtengo kuposa zonse ndi kope limodzi ndi cholembera, momwe mulembedwe tsiku limene katundu wagulidwa, mtengo wake pamodzi ndi zolipira zonse za panjira, chiwerengero cha zovala m'magulu atatu aja, ndalama ya tsiku lililonse, ndi maina a onse amene atenga pa ngongole. Chovala chimene aliyense wa m'banja watenga kuti avale chilembedwenso pa mtengo wake, pakuti zovala zabwino za m'belo zimakonda kuthera kwa abale. Chovala chikakhala masabata atatu osafunsidwa mtengo, chitsitsidwe, chipite ku msika wina kapena kwa telala, ndipo ndalama yake ilowe m'katundu watsopano mtengo wa ku Limbe usanasinthenso.